Tomato wa mawanga m'misika yathu: mlandu uli kunsi kwa tsamba

Mwezi wa Okutobala ukafika, mulu wa tomato pabenchi umasintha nkhope. Yendani pamsika wa Kawale, pamabenchi a m'mbali mwa misewu ku Biwi, ku Chinsapo, ku Area 23, pa Nsungwi ku Area 25 kapena ku Mgona, zimene mudzaone ndi zofanana. Pa tomato anayi a pamulu, mmodzi yekha ndiye wofiira thupi lonse. Wina ndi wofiira kumunsi, koma kumtunda, kuzungulira pamene panali kanthambi kake, ndi wachikasu komanso wolimba gwa. Wina ali ndi chigamba choyera chammbali ngati wathiridwa madzi owira. Wachinayi ali ndi timadontho totuwa tambirimbiri, khungu lake lokhakhala. Mukafika naye kunyumba n'kumudula, mkati mumapeza mnofu woyera wolimba, ndipo ngakhale mumukazinge chotani, msuzi wa usipa sufiira.

Wolandira mawu opweteka amakhala mayi wogulitsa. Ogula ena amati wathyola wosakhwima n'kumuvundika, ena amati ndi mankhwala, ena amati ndi mbewu zachilendo za masiku ano. Komatu mayiyo sanalime tomatoyo. Anadzuka kusanache kukaoda ku Wakawaka kapena pa Lizulu wa m'tauni, kumene amatsitsa madengu ochokera ku Ntcheu, Dedza, Dowa ndi Mchinji, ndipo pooda munthu amaona za pamwamba pa dengu zokha. Akafika pabenchi n'kuyamba kusankha ndi pamene amazindikira kuti gawo lina la mpamba wake lapita. Wa mawangayo amamuika pamulu wotchipa kapena kumupereka ngati banyira, ndipo wa chigamba choyera uja sagona masiku awiri asanayambe kuola. Kwa munthu amene geni yake ndi ya ndowa imodzi patsiku, imeneyo ndi ndalama ya ufa wa madzulo.

Ine ndimaphunzitsa Agriculture ndi Biology pasukulu ina ya sekondale yoyendera kumudzi, ndipo dimba la sukulu ndi limene linandikakamiza kuiwerenga bwino nkhaniyi. Zimene zimachititsa tomato kupsa moperewera zilipo zingapo, ndipo ndizitchula. Koma m'chilimwe chachikulu mwa izo ndi kachilombo kamene olima ambiri sanakaonepo ndi maso awo, ngakhale kawalanda ndalama kwa zaka zambiri. Alangizi amakatchula kuti kangaude wofiira. Chondidetsa nkhawa n'chakuti mankhwala amene anthu amathamangira kukagula akaona masamba akuuma ndi omwewo amene amakachulukitsa.

Kangaude ameneyu si uja amaluka ukonde pakona ya nyumba. Ndi wachibale wa nkhupakupa. Wamkulu ali ndi miyendo isanu ndi itatu, pamene nsabwe za m'masamba, ntchentche ndi agulugufe ali ndi isanu ndi umodzi. Kusiyana kumeneku kungaoneke ngati funso la pamayeso chabe, koma tikafika pankhani yogula mankhwala muona kufunika kwake. Kukula kwake ndi pafupifupi theka la milimita, ngati kadontho ka pamapeto a chiganizo chino. Amakhala kunsi kwa tsamba, kumene maso a mlimi safika. Pakamwa pake pali kasingano kamene amaboolera tsamba n'kuyamwa za mkati mwake, ndipo paliponse pamene waboola pamatsala kadontho koyera. Madontho akachuluka tsamba limatuwa, kenako limachita chikasu, pomaliza limauma ngati lawauka ndi moto. Akachulukitsitsa amaluka ulusi wopyapyala wokuta nsonga zonse za mbewu, ndipo pamwamba pa mitengo yomangirira tomato pamaoneka kamulu kofiirira ngati fumbi la njerwa. Amenewo ndi akangaude zikwizikwi, akudikira mphepo iwanyamule kupita pamunda wina.

Kumuona sikulira ndalama. Tengani pepala loyera, liikeni kunsi kwa tsamba lotuwalo, ligwedezeni tsambalo ndi chala, ndipo mudikire pang'ono. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Fumbi limene liyambe kuyenda lokha papepalapo ndiye mwini wake, ndipo mukalipaka ndi chala limasiya mzere wofiirira. Amene ali ndi foni ya kamera akhoza kujambula kunsi kwa tsamba n'kukulitsa chithunzicho, timazira take tozungulira timaonekanso. Ophunzira anga amene amalimbikira kuti "Sala, masambawa angopsa ndi dzuwa" amangoti chete akaona fumbi likuyenda.

Mphamvu yake ili pa kuswana. Nyengo ikamatentha madigiri 25, dzira limasanduka kangaude woikira mazira akeake m'masabata awiri. Kukatentha kufika madigiri 35, sabata imodzi yakwana. Wamkazi mmodzi amatha kuikira mazira oposa 100, ndipo ngakhale asanakumane ndi wamwamuna amaikirabe, mazira amenewo n'kuswa amuna. Choncho wamkazi mmodzi yekha wobwera pamalaya anu akhoza kuyambitsa mudzi wathunthu. Mdani wake wamkulu ndi mvula. Imamukokolola pamasamba, ndipo chinyezi chimadzutsa nkhungu ina imene imamupha. N'chifukwa chake m'dzinja olima tomato amalira ndi chiwawu, koma kuyambira mu Ogasiti mpaka mvula yoyamba amalira ndi kangaude.

Akangaude a mbewu analipo kale kuno, alimi a thonje akuwadziwa, koma mtundu umene ukusautsa tomato ndi mlendo. Dzina lake la sayansi ndi Tetranychus evansi, ndipo kwawo ndi ku South America. Dzinali anapatsidwa mu 1960 atapezeka pachilumba cha Mauritius. Pamtunda wa Africa anayamba kudziwika mu 1979 ku Zimbabwe, pa fodya. Kuchoka apo anafalikira ku Mozambique, Zambia, kuno kwathu ndi maiko ena a kummwera, mu 2001 anapezeka ku Kenya, ndipo lero wafika ngakhale ku Spain ndi maiko ena a m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean. Ochita kafukufuku ku Zimbabwe analembapo kuti alimi ang'onoang'ono amataya mpaka magawo 90 pa 100 a tomato wawo kangaudeyu akalekereredwa.

Mlendo wotere amavuta chifukwa amabwera atasiya adani ake kwawo. Tizilombo todya akangaude timene alimi a ku Ulaya amagula m'mabotolo n'kumwaza m'minda yawo tinalephera pa ameneyu. Asayansi a bungwe la ICIPE ku Nairobi anachita kukasaka mdani wake weniweni ku Brazil, ndipo mogwirizana ndi anzawo a kumeneko anapeza kangaude wina wodya anzake wotchedwa Phytoseiulus longipes. Zimenezo mayi wa ku Chinsapo sangazipeze pagolosale. Chimene chingamuthandize ndi kudziwa zakudya za mlendoyu. Amakonda banja limodzi la zomera: tomato, mabilinganya, mbatatesi, fodya, komanso mnadzi ndi nthula zimene zimamera zokha kuseri kwa bafa ndi kudzala. Tomato akatha m'munda, kumeneko ndi kumene amakabisala kudikira mbande zatsopano.

Tsono kachilombo kodya masamba kakukhudzana bwanji ndi kupsa kwa chipatso? Masamba a tomato ali ndi ntchito ziwiri. Yoyamba ndi kuphika chakudya. Shuga amene amakometsa tomato amapangidwa m'masamba, ndipo masamba akauma chipatso chimakhala chaching'ono ndi chosakoma. Yachiwiri, imene ambiri sitiiganizira, ndi mthunzi. Kufiira kwa tomato kumachokera ku utoto wotchedwa lycopene umene chipatso chimapanga chokha chikakhwima. Utotowu umapangika bwino kutentha kukakhala pakati pa madigiri 20 ndi 25. Kukapitirira 30 umapangika movutikira, kenako umalekeratu, pamene utoto wachikasu umapitirira kupangika. Masana a Okutobala mu Lilongwe mpweya wokha umafika m'ma 30, ndipo chipatso chimene chili pamtetete popanda tsamba lochiphimba chimatentha kuposa mpweyawo ndi madigiri angapo. Mbali yoyang'ana kumwamba ndiyo imatsala yachikasu. Dzuwa likanyanya khungu limachita kuphikika n'kusanduka chigamba choyera chija, ndipo nkhungu yakuda imalowera pomwepo. Mayi wa pabenchi akamati "ndi dzuwa, achimwene" sakunama. Koma amene anachotsa ambulera ndi kangaude.

Apa ndipatuke pang'ono chifukwa cha chizolowezi chimene ndimachiona paliponse, choyanika tomato wosapsa pasaka padzuwa, ena mpaka padenga la malata, kuti afiire msanga. Dzuwa silipsetsa tomato. Amene wayamba kale kusintha mtundu amafiira bwino pamthunzi, m'nyumba mozizirira modutsa mphepo. Ngati munda wayoyoka masamba, n'kwabwino kuthyola tomato yense amene wayamba kufiira kunsi n'kukamuyala m'nyumba kusiyana ndi kumusiya aphikike pamtengo. Ogulitsanso, kasaka kotchinga dzuwa pamwamba pa benchi kamapulumutsa milu ingapo patsiku.

Timadontho totuwa tija timabwera akangaude akamaliza masamba n'kutsikira pachipatso chenichenicho. Palinso wachibale wake wina wochepa kwambiri, Aculops lycopersici, amene saoneka ngakhale papepala loyera. Uyu amayambira kumunsi kwa tsinde kukwera m'mwamba. Tsinde limasanduka la mtundu wa dzimbiri, ubweya wake umatha, masamba amauma kuchokera pansi, ndipo chipatso chimakhala ndi khungu lokhakhala la timing'alu. Ambiri akaona zimenezi amati ndi chiwawu n'kuonjezera Dithane, kenako amadabwa kuti mbewu ikuumabe.

Ndisamunamizire kangaude milandu yonse. Tomato amafuna potaziyamu wambiri kuti apse mofanana, ndipo akasowa amachita mawanga ndi mnofu woyera mkati ngakhale masamba ali obiriwira bwino. Taonani manambala a pathumba la feteleza. Wa chimanga uja tinamuzolowera kwa zaka zambiri, 23:21:0+4S, nambala yake yachitatu ndi ziro, kutanthauza kuti potaziyamu mulibe. Amene anabwera pambuyo pake, 23:10:5+6S+1.0Zn, ali naye pang'ono chabe. Urea alibiretu, ndipo akachuluka amangobiriwitsa masamba ofewa amene kangaude amawakonda. Koma olima kuseri kwa nyumba ambiri amathira wotsala kuchimanga kapena wogula wa pambale pamsika. D Compound ndi Super D, amene alimi a fodya amawadziwa, ali ndi potaziyamu wochuluka. Manyowa owola bwino ndi phulusa la nkhuni lowaza pang'ono zimathandizanso.

Ndiye pali tomato uja amada n'kulowa mkati kunsi kwake akadali pamtengo. Amenewo si matenda ndipo si kachilombo, kupopera n'kutaya ndalama. Ndi mchere wa calcium umene sunafike kunsonga ya chipatso chifukwa madzi amabwera modukizadukiza: lero kuthirira mpaka kusefukira, mawa mpope wauma, mkuja ndalama ya pakiyosiki palibe. Kuthirira pang'ono koma tsiku lililonse, ndi kuphimbira nthaka ndi udzu wouma, ndiwo mankhwala ake. Ntchentche zoyera zija zimauluka mukagwedeza mbewu nazo zikachuluka zimachititsa tomato kupsa mbali imodzi.

Nkhani ya tiakangaude kusokoneza kupsa kwa zipatso si ya tomato yekha. Ku America ndi ku Ulaya amalima chipatso chotchedwa blackberry, chofanana ndi bulosi wathu, timibulu tambiri togundana timene timada tonse chikapsa. M'zaka za m'ma 1920 alimi a ku California ankadabwa kuona timibulu tina tikuda bwino pamene tina pachipatso chomwecho tikutsala tofiira, tolimba ndi towawasa mpaka nyengo kutha. Katswiri wa tizilombo E. O. Essig anasonyeza kuti gwero lake ndi kakangaude kosaoneka ndi maso kobisala pakati pa timibuluto, ndipo lero kamatchedwa Acalitus essigi pomukumbukira. Kamene kaja kali ndi miyendo inayi yokha, ndipo malovu ake ndi amene amaletsa timibulu kupsa. Chimene alimi a kumeneko anaphunzira n'chakuti chipatso chikaonetsa vuto, nthawi yothandiza inadutsa kale. Amapopera mankhwala a sulphur miyezi ingapo m'mbuyo, mitengo isanabereke. Kwa tomato wathu n'chimodzimodzi: tomato wa mapewa achikasu amene muli naye m'manja lero anaonongeka masabata atatu kapena anayi apitawo, pamene timadontho toyera tinayamba pamasamba a m'munsi.

Amene ayamba kudzala sitiroberi m'matumba ndi m'matayala pakhomo, potengera zija timagula kwa anyamata a paphiri la Zomba, adziwenso kuti mbewu imeneyi ili ndi kangaude wakewake, wa madontho awiri pamsana. Amakhalanso kunsi kwa tsamba, amakondanso kutentha ndi fumbi, ndipo akachuluka zipatso zimachepa ndi kufwapa. Pepala loyera lija limagwiranso ntchito pamenepo.

Tsopano za mankhwala, zimene ndi phata la kalata yanga. Azakhali anga ku Chinsapo ali ndi mizere isanu ya tomato kuseri kwa nyumba, amagulitsa pakhomo pomwepo. Chaka chatha ataona masamba akutuwa anapita pashopu ina yogulitsa zipangizo za ulimi. Mnyamata wa pakauntala sanawafunse funso ngakhale limodzi. Anangowathirira cypermethrin m'kabotolo kopanda chizindikiro n'kunena kuti, "Amayi, awa amapha chilichonse." Ankapopera kawiri pasabata. Patatha masabata atatu mizere yonse inali ulusi wokhawokha. Nditapita kukawaona anandiuza kuti, "Mwana wanga, mankhwala a masiku ano ndi madzi."

Mankhwalawo sanali madzi. Anagwira ntchito yake, koma pa tizilombo tolakwika. Cypermethrin ndi anzake a m'banja limenelo amapangidwira mbozi ndi tizilombo ta miyendo isanu ndi umodzi. Kangaude samupha mokwanira, koma amapululiratu tizilombo timene timamudya, monga tizikumbu tating'ono takuda ndi akangaude ena odya anzawo. Otsalawo amabalalika pambewu zonse n'kuswana popanda wowaletsa. Carbaryl, amene ambiri amamudziwa ndi dzina la Sevin, amachitanso chimodzimodzi. Chiyambire cha m'ma 2016, pamene mbozi yoboola masamba ndi zipatso ya Tuta absoluta inalowa m'dziko muno, olima tomato akupopera pafupipafupi kuposa kale. Ine ndikuona kuti pothamangitsa Tuta tikumukonzera malo kangaude.

Ngati kupopera kwafunikadi, mankhwala ake akhale olembedwa pachizindikiro kuti amapha red spider mite kapena mites. Odziwika m'mashopu athu ndi a abamectin, komanso ufa wa sulphur wosungunula m'madzi umene umagwiranso kangaude wa dzimbiri uja. Koma ngakhale mankhwala oyenera amalephera akagwiritsidwa ntchito molakwa. Kupopera pamwamba pa masamba n'kusambitsa denga eni ake ali m'nyumba. Kamwa ya sipuleya iyang'ane m'mwamba, madzi anyowetse kunsi kwa tsamba lililonse. Abamectin sapha mazira, choncho pamafunika kubwereza pakatha pafupifupi sabata kuti agwire amene aswa kumene. Mukapopera mtundu umodzi kawiri, sinthani, chifukwa kachilombo koswana msanga chonchi sikachedwa kuzolowera mankhwala. Sulphur asapoperedwe masana kukutentha, amawaula masamba. Ndipo wina akakugulitsani dicofol, uja ankatchedwa Kelthane, mukane. Mu 2019 maiko anagwirizana pansi pa pangano la Stockholm kuti mankhwala amenewa asiyidwe chifukwa amakhalitsa m'nthaka ndi m'thupi. Ndamvaponso ena akulangizana kuti apopere dipi ya ng'ombe poti kangaude ndi m'bale wa nkhupakupa. Dipi sanaiyeze pachakudya cha anthu, ndipo palibe angakuuzeni masiku oyenera kudikira musanathyole.

Masiku odikira amenewa ndi amene akukhudza tonsefe, ngakhale amene sitinagwirepo khasu. Botolo lililonse lovomerezeka limanena masiku amene ayenera kudutsa kuchokera popopera kufika pothyola. Kabotolo kothiridwa pakauntala sikanena kanthu. Mlimi amene akuona munda ukuuma amapopera madzulo n'kuthyola m'mawa kuti apulumutseko kena kake, ndipo tomato yemweyo ndi amene timadya wosaphika pasaladi ya tchipisi pachiwaya. Kutsuka bwino ndi madzi ambiri kumachotsa za pakhungu, monga ufa wa Dithane uja umaoneka kuzungulira kanthambi, koma sikuchotsa zonse. Lamulo la Pesticides Act la mu 2000 linakhazikitsa bungwe la Pesticides Control Board, limene ofesi yake ili ku Bvumbwe, ndipo limafuna kuti mankhwala ogulitsidwa akhale olembetsedwa, okhala ndi chizindikiro chake, ndipo ogulitsa akhale ndi chilolezo. Ogula tili ndi mbali yathu. Ndi bwino anthu atatu kusonkherana n'kugula botolo limodzi lotseka kusiyana ndi aliyense kunyamula kabotolo kosadziwika, kamene mwana akhoza kukayesa mankhwala a chifuwa.

M'matauni athu kangaude amapeza zonse zimene amafuna. Misewu yambiri ya ku Mgona, Chinsapo ndi Area 23 ndi yafumbi, ndipo fumbi likakuta masamba kangaude amachuluka pamene adani ake amavutika. Mipanda ya njerwa ndi malata imasunga kutentha n'kutchinga chinyezi. Mapoloti ndi ogundana, moti ulusi wa kwa aneba sufuna thiransipoti kuti ufike kwanu. M'madimba a m'mbali mwa mitsinje ya Lilongwe, Lingadzi ndi Likuni tomato amalimidwa chaka chonse, wina akuthyola, wina akuwokera, wina ali ndi nazale, choncho kangaude sagona ndi njala.

Zambiri zomuchepetsa n'zosalira ndalama, koma zimafuna kuyamba msanga. Mbande zogula pamsika muziyang'ane kunsi kwa masamba musanapereke ndalama, chifukwa minda yambiri imadwala kuchokera kunazale. Kawiri pasabata tembenuzani masamba a m'munsi ndi a m'mbali mwa munda, makamaka mbali ya kumsewu. Tsamba limene layamba madontho lichotseni, muliike m'jumbo pomwepo, osayenda nalo m'manja kudutsa mizere yonse. Ngati muli ndi munda wodwala ndi wina wabwino, yambani ntchito kwa wabwinoyo, wodwalayo mumalizire, ndipo malaya ake musalowe nawonso kwina. M'mawa, kuwaza madzi mwamphamvu kunsi kwa masamba kumagwetsa ambiri n'kutsuka fumbi. Ndati m'mawa chifukwa masamba ogona onyowa amaitana chiwawu.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndikamayenda m'madimba ndi mapesi a tomato wakale osiyidwa chiimire munthu atathyola komaliza. Amenewo ndiwo nkhokwe ya akangaude, ndipo mbewu ikamauma onse amasamukira pamunda wapafupi. Tsiku lothyola komaliza likhalenso lozula, mapesi atenthedwe kapena akwiriridwe mozama. Mitengo yomangirira muiwaule pamoto musanaigwiritsenso ntchito. Mnadzi ndi ndiwo yabwino, sindikuti tiusiye, koma usamere m'mphepete mwa tomato, ndipo nthula zizulidwe. Pamalo pamene pachoka tomato pabwere anyezi, mpiru kapena chimanga chachiwisi. Munda watsopano ukhale mbali imene mphepo ikuchokera, ndipo mzere wa chimanga kapena nsenjere pakati umatchinga fumbi ndi akangaude ouluzika. Izi munthu mmodzi sangazithe ngati woyandikana naye akusunga mapesi. Olima dimba limodzi amagwirizana kale za madzi ndi za mbuzi zolowa m'munda, angagwirizanenso za tsiku lozula.

Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2003 ku Zimbabwe anapeza kuti tomato womangirira kumitengo ndi kuchotsedwa mphukira amapirira bwino kangaudeyu ndipo amabereka zambiri, chifukwa china n'chakuti mankhwala amafika mosavuta kunsi kwa masamba. Koma apa pafunika nzeru. Ena akamva zothena amasadzula mbewu mpaka kutsala tsinde ndi zipatso pamtetete, n'kudzipangira okha vuto la dzuwa lija. Chotsani mphukira ndi masamba ogunda pansi, koma masamba ophimba zipatso asiyeni, makamaka mu Seputembala ndi Okutobala. Mitundu monga Tengeru 97 ndi Tanya imakondedwa chifukwa cholimba paulendo, koma kangaude saisankha.

Mankhwala a zitsamba alipo amene amathandiza vuto likadali laling'ono. Madzi a nthanga za nimu zosinja n'kuviika usiku wonse, ndi madzi a sopo wamtanda wosungunula pang'ono, amachepetsa akangaude akapoperedwa madzulo kunsi kwa masamba mobwerezabwereza. Sopo wa ufa amawaula masamba, ndipo chilichonse chatsopano muyambe mwayesa pambewu ziwiri. Za mthuthu kapena kuti ombwe, asayansi a kuno mogwirizana ndi a ku University of Greenwich anapeza mu 2012 kuti ulipo wa mitundu iwiri yofanana maonekedwe, ndipo wina mwa iwo ulibe mphamvu yopha tizilombo. Choncho amene anayesa n'kulephera mwina anathyola wosagwirawo. Ombwe ndi poizoni wa nsomba, zotsala zake zisathiridwe mumtsinje. Madzi a fodya okha musawayese pa tomato, amatha kubweretsa matenda a khate la masamba.

Pempho langa lipite kwa a zaulimi. Alangizi athu amagwira ntchito m'midzi, ndipo munthu wa mizere isanu ku Kawale kapena wa kadimba ka m'mbali mwa Lingadzi sawerengedwa ngati mlimi. Mlangizi wake weniweni ndi mnyamata wa pakauntala uja. M'misika ina ya kumidzi muli zipatala za mbewu, kumene mlangizi amakhala patebulo ndi galasi lokulitsira zinthu, mlimi n'kubwera ndi mbewu yodwala. Tebulo lotero litamakhala pa Wakawaka kapena pa Nsungwi tsiku limodzi pasabata kuyambira Ogasiti mpaka Novembala, lingathandize olima, ooda ndi ogula omwe. Ophunzira a ku Bunda amene akufuna malo ophunzirira ntchito angayambire pamenepo, ndipo ogulitsa mankhwala aphunzitsidwe kufunsa kuti "Mwabwera ndi tsamba?" asanatsegule botolo.

Podikira zimenezo, amene mukupita kukafunsa nzeru kushopu, kwa mlangizi kapena kwa mphunzitsi wa Agriculture wa pasukulu yapafupi, musanyamule tomato wa mawanga yekha. Tengani masamba awiri kapena atatu a m'munsi amene ayamba kutuwa koma sanaume, chifukwa pa louma akangaude anasamuka kale. Muwamange m'jumbo yosabooka, kuopa kugawira anzanu m'minibasi.